Anandivuula mu Limpopo osafunsa pasipoti

Madzi a Limpopo ndinawamwa ine, abale anga, ndipo mpaka lero mvula ikamagwa usiku sindigona.

Ndimakhala ku Bangwe. Ndinkagulitsa kaunjika mu Limbe, ana anga ankadya ndi kupita kusukulu ndi ndalama ya pa belo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, belo inakwera mtengo, mpamba wanga sunakwanenso. Ndinayesa mandasi, ndinayesa tomato, koma mwezi ukatha lendi inkandipeza ndilibe kanthu. Mapeto ake ndinagulitsa firiji, ndinasiya ana kwa amayi, n'kupereka ndalama kwa transipota wina amene analonjeza kukandifikitsa ku Joni ngakhale ndinalibe pasipoti. Njira yake mukuidziwa: Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge.

Pa Beitbridge sitinapite kumlatho. Anatitsitsa kutchire usiku, kutali ndi tauni, n'kutisiya m'manja mwa anyamata ena osawadziwa. Anatiuza kuti tizime mafoni, tisatsokomole, chifukwa kutchire kumeneko kuli maguma-guma amene amalanda anthu katundu. M'chilimwe anthu amawoloka mtsinjewu wapansi, pamchenga. Ife tinafika m'dzinja. Madzi anali odzaza, akulira, akubwera ndi mitengo yozuka. Bwato loti tiwolokere linali lija lopopa mpweya, zigamba thoo. Anatipanikiza momwemo ndi zikwama zathu mpaka madzi anafika m'mphepete. Pafupi nane panakhala mtsikana wina wa ku Machinjiri amene tinkagawana mabisiketi kuyambira ku Tete. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Anti, ine sindidziwa kusambira.” Ndinamuyankha kuti nanenso, tingopemphera.

Tili pakati, chinthu chinagunda bwato. Mpweya unayamba kutuluka, fwiii. Wina anaimirira. Bwato linapendeka. Basi.

Mdima. Madzi m'mphuno, m'makutu. Chitenje chinandikulunga miyendo. Chikwama chinkandikokera pansi. Ndinachivula, sindikudziwa kuti ndinachita bwanji. Dzanja la mwana uja ndinali nalo. Kenako ndinalibe. Ndinatulukira, ndinakuwa, ndinamiranso. Mchenga m'mano. Pachifuwa ngati pakung'ambika. Ndinaitana amayi. Ndinaitana Yesu. Nthambi inandimenya kumaso, ndinaigwira.

Unali mtengo wogwa umene unakodwa pakachilumba, chakutsidya la South Africa. Ndinaukumbatira usiku wonse, madzi ali m'chiuno. Mano ankagundana mpaka ndinadziluma lilime. Chilichonse chondikhudza mwendo ndinkati ng'ona yafika, chifukwa ng'ona mu Limpopo zilimo. Ndinakodza momwemo, ndipo ndikuuzeni zoona, kakutentha kameneko ndinakathokoza. Zala zinachita dzanzi moti sindinkadziwa ngati ndikadagwirabe.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti anthu analipo. Ndinkamva mawu kumtunda, ndinaona tochi ikuwala kenako n'kuzima. Anyamata a bwato anasambira n'kuthawa. Anzathu amene anapulumuka anali ndi mafoni, ena mwina anali akugwirabe ntchito, koma aimbire ndani? Kuimbira apolisi kunali kudzipereka wekha, ndalama yonse ya firiji, ya munda, ya ngongole n'kupita pachabe. Sindikuwada, mantha amenewo ndikuwadziwa. Komanso mtsinjewo ndi malire, uku Zimbabwe, uku South Africa, ndipo ife tinalowamo mobisala dala kuti pasapezeke wotiona. Tinabisala bwino kwambiri moti pomira panalibe amene ankatiyang'anira.

Kunja kutayamba kuyera ndinamva munthu akuimba mluzu. Anali bambo wina wantchito pa famu, anabwera kudzaona pampu yothirira mbewu. Mawu anali atanditha, ndinangokweza dzanja limodzi. Anandiona. Anathamanga n'kubwera ndi chingwe ndi chubu cha tayala la thirakitala, anamanga chingwe pamtengo, kwinako m'chiuno mwake, n'kulowa m'madzi omwewo. Atayandikira anandimva ndikubuula kuti mayo, ndipo anayankha m'Chichewa: “Achemwali, musayang'ane madzi, yang'anani ine. Siyani mtengowo.” Manja anakana kumasuka. Anachita kundimasula chala chimodzichimodzi.

Kumtunda anandigoneka chammbali, ndinasanza madzi amatope. Anavula jekete yake n'kundifunditsa, anandimwetsa tiyi wa m'botolo lake, wa shuga wambiri. Anati kwawo ndi ku Thyolo, ndipo naye mapepala ake sanali olongosoka. Komabe anaitana kapitawo wa pa famupo kuti aimbe foni kubwere ambulansi ndi apolisi, akafufuze ena amene anali m'madzi. Ankadziwa kuti akhoza kutengedwa limodzi nane, koma anakhala pomwepo akunditikita mapazi mpaka galimoto inafika. Mulungu anamutuma bambo ameneyo, palibe angandiuze zina.

Kuchipatala ku Musina nesi wina anandisambitsa, anachotsa mchenga m'tsitsi langa osanyansidwa. Nditachira ananditumiza ku Lindela, kumene amasunga obwezedwa kwawo, kenako basi inatibweretsa kumudzi. Sindidandaula kuti anandibweza. Ndinalowa m'dziko la eni popanda chilolezo, ndipo ndinabwera ndi mapazi anga, osati m'bokosi.

Chibwerereni, nkhani za mabwato a anthu othawa kwawo ndimazimva ndi thupi lonse. Mu October 2013 anthu oposa 360, ambiri a ku Eritrea, anamira pafupi ndi chilumba cha Lampedusa ku Italy, gombe akuliona. Musaganize kuti ndi zakutali zokha. Mu June 2012 bwato lodzaza anthu a ku Ethiopia linagubuduzika pa nyanja yathu ku Karonga, mitembo yoposa 40 inavuulidwa. Ambiri amene amadutsa njira imeneyo amakhala akupita ku South Africa komweko kumene ndinkapita ine. Panyanja zikuluzikulu lamulo lilipo kale: mapangano a mayiko a 1974 ndi 1979 amati woyendetsa sitima akamva kuti anthu akumira apite akathandize, posayang'ana kuti ndi a dziko liti kapena ali ndi mapepala otani. Koma maboma amakankhirana, chifukwa wovuula ndi amene amatsala ndi anthuwo pagombe lake. Akamakambirana choncho, wina amakhala atakumbatira mtengo, zala zikuchita dzanzi.

Pamsika ena amati anthu oterewa amafuna okha. Ine ndimawayankha kuti inde, bwato ndinakwera ndekha. Mangeni munthu, mubwezeni kwawo, mulipitseni, koma muyambe mwamutulutsa m'madzi. Udindo umenewo ndi wa boma lililonse limene lili ndi gombe, ndi wa msodzi, msilikali, aliyense amene ali pafupi ndipo ali ndi chingwe. Ndipo oimba foni kupempha chithandizo asamaope kuti foniyo ndi imene iwamangitse.

Ku Machinjiri ndinapita. Mtsikana uja anandiuza kumene amayi ake amagulitsa makala, ndipo ndinawapeza. Ndinagwada, ndinawafotokozera zonse, mpaka za dzanja. Anandifunsa ngati ndinaona mtembo, ndinati ayi. Mpaka pano maliro sanachite, foni yawo amagona nayo.

Bambo wa ku Thyolo uja dzina sindinamufunse, mutu unali usakugwira. Inu amene muli ndi abale m'mafamu a ku Musina, afunseni ngati akudziwa munthu amene anavuula mayi m'mawa wina pafupi ndi pampu. Akamupeza amuuze kuti mayi wa ku Bangwe uja ali moyo, ndipo ana ake amamupempherera tsiku lililonse.