Firiji tinkaiyeza kawiri patsiku

Ndine mlangizi wa zaumoyo pa chipatala china chaching'ono m'boma la Phalombe. Kumudzi amangotitchula kuti adokotala a sikelo. Covid-19 inandigwira mu Januwale 2021, mwezi umene wailesi inkangolengeza maliro okhaokha. Pa 12 mwezi womwewo nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Uthengawo unandipeza ndili chigonere, chifuwa chili phuuphuu, ndipo mumtima ndinati: ngati akupita anthu a magalimoto ndi madokotala awoawo, nanga ine wa njinga yakapalasa?

Nthawi imeneyo chipatala cha John Chilembwe ku Migowi chinali chisanatsegulidwe. Anachitsegula mu 2022. Odwala kwambiri tinkawatumiza ku Holy Family. Ine ndinadwalira pakhomo. Bambo a kunyumba ankasiya phala pa chitseko n'kubwerera chafutambuyo. Ndinkadzifukiza ndi masamba a bulugamu, kumwa ndimu wa jinja, koma ngakhale bulugamuyo sindinkamva fungo lake. Usiku ndinkakhala tsonga, chifukwa ndikagona chagada mpweya unkathawa. Mwana wanga wamng'ono ankalira kuseri kwa chitseko, ine n'kumangoti, "Pita kwa ababa ako," mawu osatuluka bwino.

Ndinachira. Koma nditapita pa mjigo, amayi amene ana awo ndinawayeza pa sikelo kuyambira ali makanda anayamba kusuntha ndowa zawo. Wina ananena mokweza kuti, "Kolonayi abwera nayo ndi omwewa." Sindinayankhe. Ndinatunga madzi n'kubwerera.

Katemera anafika m'dziko muno pa 5 Malichi 2021, wokwanira kubaya ka 360,000, wa AstraZeneca. Pa 11 Malichi a Pulezidenti Lazarus Chakwera anabayitsa ku Zomba. Ife azaumoyo tinali m'gulu loyamba, ndipo ine sanachite kundikakamiza; wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Amene sanagwirepo ntchitoyi amaganiza kuti katemera ndi jakisoni basi. Jakisoni ndi kumapeto. Poyamba mumakhala pansi ndi kaundula wa midzi yanu: mudzi uti uli ndi okalamba angati, odwala shuga ndi BP ali kuti, mtsinje uti sudutsika mvula ikagwa, msika wa ku Chiringa kapena ku Migowi ukumana liti kuti musapite kumudzi kopanda anthu. Katemera amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Pa chitseko cha firiji pamakhala tchati, ndipo m'mawa ndi madzulo wina amayenera kulembapo nambala n'kusaina, kaya ndi Lamulungu kaya ndi Khirisimasi. Botolo limodzi la AstraZeneca linali la anthu 10, ndipo mukalitsegula limayenera kutha pasanadutse maola 6. Ndiye mumafika pa bwalo la amfumu, mwapalasa njinga dzuwa likuswa mtengo, n'kupeza anthu atatu. Mutsegule, wotsalayo mutaye? Musatsegule, atatuwo abwerere, mawa asadzabwerenso? Funso limeneli ndinkagona nalo.

Ndipo musaiwale kuti kuno ndi ku Phalombe. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira kuno ndi ku Mulanje, anthu anaphedwa, mpaka a United Nations anachotsa antchito awo m'maboma awiriwa. Munthu wonyamula kabokosi ndi masingano kuno samuona ngati mmene amamuonera ku Blantyre. Zimenezi zinali zisanazizire pamene kunabwera zina: akuti katemerayu ndi 666, akuti amatseka chiberekero, akuti obayitsa onse amwalira pakatha zaka ziwiri. Pa mudzi wina anyamata anatitsekera njira ndi mitengo. Mnzanga anatsika panjinga n'kutsegula kabokosi kuti aone okha kuti muli mabotolo ndi madzi oundana. Anatisiya tidutse, koma miyendo yanga inanjenjemera mpaka madzulo.

Choopsa kwambiri n'chakuti amayi anayamba kuthawa sikelo. Ankaopa kuti tibaya ana katemera wa kolona mwakabisira. Katemera wa chikuku, wa poliyo, ngakhale wa malungo amene Phalombe inali m'maboma oyamba kumulandira mu 2019, zonse zinayamba kubwerera m'mbuyo. Tinagwirizana kuti tsiku la sikelo likhale la ana okha, ndipo botolo lililonse tizilionetsa kwa mayi asanavule mwana. Za akuluakulu tinkayambira kwa amfumu. "Mfumu, mukapinda malaya inuyo, anthu anu atsatira." Ena anapinda. Ena ankati ali ndi ulendo wa ku maliro. Mu Meyi tinamva kuti ku Kamuzu Central Hospital atentha katemera 19,610 amene anadutsa masiku. Anachita bwino kutenthera poyera, koma kumudzi nkhani inafika itatembenuka: "Mwaona, ngakhale eni ake akumuotcha."

Kupuma kunalibe. Mu Febuluwale 2022 poliyo anapezeka mwa mwana ku Lilongwe, ndiye tinayamba khomo ndi khomo, kudontheza m'kamwa, kupaka inki pa kachala, kulemba choko pa zitseko. Mu Malichi kolera anayamba ku Machinga n'kufalikira dziko lonse, ndipo anapha anthu oposa 1,700. Tinali pa kolorini, pa zimbudzi, pa maliro osalola kusambitsa mtembo, achibale akutitukwana. Kenako, mu Malichi 2023, kunabwera namondwe wa Freddy.

Amayi anga ankatiuza za napolo wa mu 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi. Ndinkangomva ngati nthano. Usiku wa Freddy ndinamva ndekha phokoso la miyala ikugubuduzika, ngati malole ambiri akutsitsa katundu nthawi imodzi. Tinathawira pa sukulu. Ku Nkhulambe matope analowa m'chipatala, misewu inaduka. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anapita. Pa msasa anthu ankabwera kwa ine chifukwa ankandidziwa: wina ma ARV apita ndi madzi, wina ali ndi pakati, wina akufuna ndimuthandize kuzindikira mtembo wa mwana. Mabuku a sikelo anakokoloka. Tinkayang'ana chipsera cha paphewa kuti tidziwe ngati mwana analandira BCG, zotsalazo n'kumafunsa mayi: anabayidwa pa ntchafu kangati, anali atayamba kukwawa? Mayina ena m'kaundula wanga ndinawadula mzere. Ana amenewo ndinkawadziwa ndi maina awo a pakhomo.

Apa mpamene mutu wanga unasokonekera. Tulo tinatha. Mvula ikangoyamba pa malata, mtima unkagunda mpaka kukhosi. Ndinkakalipira ana anga popanda chifukwa. Tsiku lina ndikukoka katemera m'botolo, dzanja linakana, singano ikungovina. Sindinauze munthu. Kuno ukangotchula za mutu, anthu amaganiza za ku Zomba Mental, ndipo ndinkaopa kuti amayi aleka kundipatsa ana awo.

Anandiona ndi anamwino athu, mayi wachikulire. Anandikokera m'chipinda cha firiji n'kutseka chitseko. "Achemwali, mwagona liti komaliza?" Ndinangoyamba kulira. Iwo anandisiya ndilire, kenako anati nawonso chichokereni kolera sadya bwino. Ananditengera kwa dokotala wina amene anaphunzirako za matenda a maganizo. Anandifunsa mafunso mwachifatse, za tulo, za chakudya, ngati ndinaganizapo zodzichotsa moyo. Ndinayankha zoona. Anandiuza kuti zimenezi zimachitika kwa munthu amene waona zoopsa motsatizana, ndipo zimachizika. Ndinkapita kukacheza naye, ndipo anandiphunzitsa kapumidwe koti ndizichita mtima ukayamba kuthamanga.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi. M'zaka zonsezi maphunziro ankabwera: kasungidwe ka katemera, kalembedwe ka malipoti, mayankhidwe a mphekesera. Oyang'anira akabwera ankathamangira pa tchati cha firiji kuona ngati pali tsiku limene tinadumpha. Sindikuwada, firiji ikatentha ana ndi amene amavutika. Koma firiji inkafunsidwa kawiri patsiku kuti ili bwanji, pamene wonyamula kabokosi uja sanafunsidwepo, kupatula kuti wabaya angati.

Tinayamba tokha. Lachisanu tikamaliza kulemba, timakhala pakhonde, alonda ndi okolopa omwe, aliyense n'kunena chimene chamulemera sabata imeneyo. Abambo poyamba ankangoseka n'kumati iwo ali bwinobwino. Mmodzi anadzatsegula pakamwa patapita nthawi, ndipo tinadziwa kuti kachasu amene tinkamunena uja anayamba atakumba nawo mitembo m'matope.

Mu Meyi 2023 kunabwera kampeni ya katemera wa tayifodi pamodzi ndi wa chikuku ndi poliyo. Pokonza dongosolo, tinalemba za mafuta, madzi oundana, masukulu ndi misasa monga mwa masiku onse. Kenako anamwino aja anatenga cholembera n'kuwonjezera zathu: wina asapite kumudzi yekha, amene anataya abale asatumizidwe kumene anawatayira, wodwala anene, wina amulowere popanda kumufunsa zambiri. Ine anandisinthitsa midzi ya m'mphepete mwa phiri n'kundipatsa ya kudambo. Ndinabwererako patapita miyezi, ndili ndi mnzanga, nthawi ya chilimwe. Mvula ikamagwa usiku ndimadzukabe, ndipo kwa dokotala uja ndimapitabe.