Kathumba kamene ndinataya m'chimbudzi

Kuno kum'mawa kwa Zambia tinakula ndi mwambo woti nesi safunsidwa. Akakupatsa mankhwala umalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kutuluka. Mwambo umenewu unatsala pang'ono kundiphera mwana wazaka zitatu.

Anadwala malungo. Pa kiliniki ina kunja kwa Chipata mzere unali wautali, ndipo nesi sanamukweze pa sikelo. Koma mankhwala a ana amayendera kulemera kwa thupi. Coartem yemweyu, mwana wosafika makilogalamu 15 amamwa mbulu umodzi pa nthawi, wamkulu inayi. Coartem anapereka bwino, koma pa kathumba ka panado analemba mlingo wa munthu wamkulu, ine n'kumam'mwetsa mokhulupirika. Panado akachuluka amadya chiwindi mosaonetsera. Mwana anayamba kusanza, kenaka maso anachita chikasu. Ku chipatala chachikulu dokotala atamva mmene ndinkam'mwetsera anafunsa kuti, "Amayi, kathumbako kali kuti?"

Ndinali nditakataya m'chimbudzi. Ndinkaopa kuti apongozi akakaona adzati ndine ndalakwitsa kuwerenga.

Mwana atatuluka, achibale anati, "Wachira, tithokoze Mulungu, boma silizengedwa mlandu." Zabodza. Mlamu wanga, amene anagwirapo ntchito ku khoti, ndiye ananditsegula maso. Madokotala, makiliniko ofisa ndi ogawa mankhwala ali pansi pa Health Professions Council of Zambia, ndipo kholo lingalembe dandaulo kumeneko. Manesi ali ndi bungwe lawo, Nursing and Midwifery Council of Zambia. Mabungwewa angathe kulanga wolakwa, ngakhale kumuimitsa ntchito, koma chipukuta misozi chimachokera ku khoti. Mwana sasuma yekha, kholo ndilo limamuimira. Ngati kiliniki ndi ya boma, wosumiridwa ndi Attorney General, osati nesi yekhayo. Wopanda ndalama ya loya angapite ku Legal Aid Board, ndipo ofesi yawo ili konkuno ku Chipata. Pa milandu ya kuvulazidwa lamulo limapereka zaka zitatu zokha, choncho kuzengereza n'kudzimana.

Nthawi zina wolakwa si wolemba mlingo koma mankhwalawo. Zimenezo n'za ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala. Tonse tikukumbukira nkhani ya kampani ya Honeybee, pamene zinamveka ku Nyumba ya Malamulo kuti katundu wosakwanira muyezo anagawidwa m'zipatala, ndipo nduna ya zaumoyo Chitalu Chilufya anachotsedwa mu Januwale 2021. Ku Gambia mu 2022 ana pafupifupi 70 anafa impso zitawonongeka atamwa mankhwala amadzi ochokera ku kampani ya Maiden Pharmaceuticals ya ku India. Makolo kumeneko sanangolira maliro. Anagwirizana, n'kutengera kampaniyo ndi boma lawo ku khoti lalikulu ku Banjul. Ndi makolo ngati ine.

Loya amene ndinamuona anandimvetsera mwaulemu. Anati khoti silimangofuna kumva kuti mwana anavutika. Pamafunika kuonetsa kuti wachipatala sanasamale monga mnzake wodziwa ntchito akanasamalira, komanso kuti kusasamalako ndiko kunavulaza mwana. Anafunsa khadi la ku sikelo, kabuku ka kuchipatala, kalata yotulutsira, zotsatira za magazi. Zina ndinali nazo. Koma m'kabuku munali mlingo woyenera, cholakwa chinali pa kathumba pokha. Anati popanda iko, ndi mawu anga kulimbana ndi mawu awo.

Chimandipweteka n'chakuti sindinkafuna kuti munthu amangidwe. Nesi uja ndinamuona mmene anatopera, yekha pakati pa gulu. Ndinkafuna kuti wina avomere, kuti zilembedwe penapake, kuti sikelo isadumphidwenso. Ndinalemba kalata ku ofesi ya zaumoyo, n'kusunga ina yofanana nayo yodindidwa chidindo, monga loya anandilangizira.

Mwana akatisiya m'njira yokayikitsa, timathamangira kuika maliro n'kukana kuti thupi lipimidwe, poti eti tisamuvutitse. Ndikumvetsa, koma kupimako ndiko kumanena chimene chinapha, ndipo kholo lingakanene kupolisi kuti imfayo ifufuzidwe.

Wanga ali moyo, wayamba sukulu. Dokotala anati tizibwera naye kudzapimitsa magazi, ndipo ya basi yopitira m'tauni imachokabe pa mtedza wathu.