Mowa ukasanduka viniga



Makolo ena amandifunsa ngati n'koyenera kuti ana athu aziphunzira za ma alkanol mu Chemistry, poti m'gulu limeneli muli ethanol, amene amaledzeretsa mu mowa. Ine ndimati aphunzire, ndipo alimbikire, chifukwa phunziroli limaunikira nkhani imene tinaiwerenga ku madrasa.

Ethanol amasintha kawiri. Poyamba amataya maatomu awiri a hayidrojeni n'kukhala ethanal, wa m'gulu la ma alkanal. Kenaka amalandira atomu imodzi ya okosijeni n'kukhala ethanoic acid, asidi wowawasa wa mu viniga amene timathira pa tchipisi. Kusinthaku ndi oxidation, ndipo kubwerera m'mbuyo ndi reduction. Mowa ukasiyidwa pampweya, ntchitoyi amaigwira ndi mabakiteriya otchedwa Acetobacter. Louis Pasteur wa ku France ndiye anasonyeza m'zaka za m'ma 1860 kuti viniga amapangidwa ndi tizilombo tamoyo.

Ma ulama athu anali atakambirana kale za kusinthaku, n'kukutcha istihala, kutanthauza chinthu kusanduka china chenicheni. Anagwirizana kuti mowa ukasanduka wokha viniga umayera ndipo ndi halali. Mu Sahih Muslim timawerenga kuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anayamikira viniga ngati ndiwo. Anasiyana pa kuusandutsa dala. Imam Shafi'i, amene ambirife timamutsatira, sanalole kuthiramo kanthu kuti usanduke, pomwe Imam Abu Hanifa analola. Mwana wodziwa kuti ethanol ndi ethanoic acid ndi zinthu ziwiri zosiyana amaimva nkhaniyi mosavuta.

Phunziro lomweli limasonyezanso kuopsa kwa mowa. Munthu akamwa, chiwindi chimasandutsa ethanol kukhala ethanal, poizoni amene amawononga chiwindicho. Methanol, amene nthawi zina amapezeka mu mowa wofululidwa mosasamala, m'thupi amasanduka methanal kenaka methanoic acid, ndipo amachititsa khungu kapena kupha kumene.

Ngakhale propanone, alkanone wochokera ku propan-2-ol, ali m'nyumba zathu. Ndi amene ali m'mankhwala ambiri amene alongo athu amachotsera utoto wa m'zikhadabo asanachite wudhu.

Makolo anzanga ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti, tiwalimbikitse anawa. Tikufunika madokotala ndi akatswiri oyeza zakudya ochokera pakati pathu, odziwa fiqh ndi labotale yomwe. Inu ophunzira, mukapeza funso lokhudza mbali ziwirizi, bwerani nalo m'kalasi tidzaliunike limodzi, in shaa Allah.