Fyuluta yotsuka inandidyera mpamba

Chaka chatha ndinachotsa fyuluta ya mpweya yapepala pa Toyota Wish yanga, n'kuika ija yotsuka, yopaka oyilo. Wogulitsa anati galimoto ipepuka, siizimwa mafuta ambiri. Chinasintha ndi kaliridwe ka injini basi.

Ndimakhala ku Rimuka. Katundu ndimaoda ku Musina n'kukagulitsa kumigodi yozungulira Kadoma ndi Chegutu, misewu yake fumbi lokhalokha. Patatha miyezi 4, galimoto inayamba kuzimazima. Makanika anandionetsa fumbi m'paipi yopita ku injini, komanso sensa ya mpweya itamatika oyilo. Ndalama yoodera katundu inathera kugalaja.

Ngati mumayenda m'fumbi, gulani yapepala yeniyeni, yokwana bwino m'bokosi lake. Ikada, sinthani. Musaitsuke ndi madzi.