Njinga ya ambuya ilibe filiwilo

Ambuya atamwalira ku Chipata, achibale anagawana mbuzi, malata ndi wailesi. Ife awiri, ine ndi mng'ono wanga, tinapatsidwa njinga. Ni Eagle yakuda, ya zija zinali kupangidwa ku Luangwa Industries mu Chipata momwemo. Inabwera ku Lusaka pa basi, yomangidwa ndi malegeni, ndipo inakhala zaka ziwiri kuseri kwa nyumba mu Chilenje, nkhuku zikugona pa keliya.

Chinatiutsa ni ndalama ya minibasi. Tonse tisebenza ku Kamwala, ndipo titawerenga zimene titaya pa mwezi, tinayamba kuiyang'ana bwino njinga ija. Filiwilo inali itafa, tcheni itauma ndi dzimbiri, koma fremu inali yolimba. Mng'ono wanga anali ataona ma fixie pa foni, ndiye anati tiyese.

Fixie ni njinga yopanda filiwilo. Giya yakumbuyo imangidwa ku wilo, ndiye wilo ikayenda, mapedulo nawo ayenda. Palibe kupumitsa miyendo. Fremu yakale ichita bwino pa ichi chifukwa kumbuyo kuli mpata wokankhira wilo mpaka tcheni italimba. Tinachotsa keliya ndi mamadigadi, tinapala dzimbiri ndi sandipepa, tinagula tcheni yatsopano ndi makota pini. Kutsogolo tinasiya giya ya ambuya ya mano 46, kumbuyo tinaika ya mano 18. Ukapalasa kamodzi, wilo izungulira kawiri ndi hafu, zoyenera msewu wosalala monga Chilimbulu Road.

Apa ndiye tinapusa. Giya ija tinaimanga pa habu yakale, pamene panali filiwilo, chifukwa inalowa bwinobwino. Mabuleki tinachotsa onse kuti njinga ioneke monga ya pa foni. Ba makanika a pa msika anaiona, anapukusa mutu.

"Imwe anyamata, habu ya fixie ili ndi loko imene imangidwa mobwerera kumanzere. Iyi yanu ilibe. Mukakanikiza mapedulo kumbuyo, giya idzamasuka."

Tinati, "Tamva, ba mudala," koma sitinamve.

Tsiku lachitatu, pafupi ndi Kabwata, minibasi inaima mwadzidzidzi kuti itenge munthu. Mng'ono wanga anakanikiza kumbuyo ndi mphamvu zonse. Giya inamasuka, mapedulo anakhala chabe, njinga ikupitabe. Anathera mu ngalande, chigongono chitasupuka. Amai sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ambuya anu anakwera njinga iyi ndi masaka a chimanga mpaka anakalamba. Imwe mufuna ikupheni mu sabata imodzi?"

Tinabwerera kwa ba makanika aja mitu ili pansi. Tinasunga ndalama miyezi iwiri, tinapeza habu yoyenera, iwo anatilukira masipoko. Buleki yakutsogolo, ija ya ndodo zachitsulo, tinaibweza pamalo pake. Siioneka bwino pa chithunzi, koma minibasi siidziwa fashoni.

Manje tisinthana: lelo uyu, mailo uyu. Wina akwera basi, wina apalasa, ndipo nthawi zambiri wapanjinga ndiye ayamba kufika. Miyendo inalira mwezi woyamba, koma yazolowera. Belu ya ambuya tinaisiya. Ilira mosasa, ndipo amai akaimva pa geti madzulo, adziwa kuti wabwera wamoyo.