Kwa mwana wopita kukasunga intaneti ya boma

Mwana wanga,

Iwe ukuti ntchito wapezayi ndi yongokonza makompyuta ndi kuyang'anira intaneti mu ofesi ina ya boma ku Lilongwe. Bambo ako akuiona mosiyana. Munthu wosunga mapasiwedi a anzake, woona masamba amene aliyense watsegula, wotha kutseka Facebook pa makompyuta a nyumba yonse atakhala pa mpando, wagwira mphamvu imene kale inkafuna bungwe lathunthu la boma. Za ndalama, za amuna a m'tauni ndi za kutchalitchi akuuza kale mayi ako. Bambo ako asankha kukulembera za kulankhula, kwako ndi kwa anthu amene udzawayang'anire.

Unabadwa zinthu zitasintha kale, ndiye zina umazimva ngati nthano. Mu 1968 dziko lino linakhazikitsa lamulo lopatsa mphamvu Censorship Board yoona buku, filimu, nyimbo ndi magazini anthu asanazione, ndipo zambiri zinaletsedwa. Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa mu Seputembala 1987 nakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991, osaonekera ku khoti ngakhale tsiku limodzi. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linali litachotsedwa kale m'masitolo. Aphunzitsi a masiku amenewo, bambo ako ali m'gulumo, mwana akafunsa funso lokhudza boma ankayamba asuzumira pa windo asanayankhe. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, boma linati ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Anthu anaifalitsabe mobisa pa fotokope. Kunabwera riferendamu ya pa 14 Juni 1993, kenako malamulo atsopano oyendetsera dziko a 1994, amene mu gawo 35 akuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula zakukhosi. Gawo limeneli uliwerenge wekha, usangolimva kwa anthu.

Kulemba ufulu pa pepala sikunachotse makutu m'makalasi. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, anaitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa za ndale ku Chancellor College, chifukwa pophunzitsa anayerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja m'Malawi ndi mavuto amene anautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Mawu a m'kalasi anafika bwanji ku likulu la apolisi? Funso limeneli ndi lomwe linakwiyitsa aphunzitsi anzake. Anakana kulowa m'makalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti palibe akazitape, anayi mwa iwo anachotsedwa ntchito, kuphatikizapo Jessie Kabwila, ndipo maphunziro anasokonekera kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu asanabwezeretsedwe mu Okutobala. Chaka chomwecho, mu Seputembala, Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, sukulu yako ija isanakhale MUBAS, amene ankafalitsa zolemba zodzudzula boma, anapezeka atafa pa sukulupo. Apolisi anati wadzipha. Komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa.

Lero kazitape safunikanso kukhala pa benchi ya kumbuyo. Ali m'gulu la WhatsApp la anzako a ku sekondale, la ku mpingo, la ku ntchito, ndipo chida chake ndi screenshot.

Lamulo loyenera kulidziwa bwino ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Bambo ako salinyoza lonse, ayi. Lili ndi mbali zoteteza munthu kwa akuba a pa intaneti, ndiponso atsikana ngati iwe kwa anthu owaopseza ndi kuwazunza pa foni. Vuto lili pa kutambasuka kwa mawu ake. Gawo 87 likuti kugwiritsa ntchito makina posokoneza mtendere wa munthu wina ndi mlandu wa K1 miliyoni ndi chaka chimodzi m'ndende, ndipo gawo 86, la kuzunza munthu pa intaneti, limafika K2 miliyoni ndi zaka zisanu. Kodi mtendere wa munthu waudindo umasokonekera pati, pomwe watukwanidwa kapena pomwe wangofunsidwa za ndalama za boma? Mu Meyi 2022 namwino wina wa ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha zimene analemba za mtsogoleri wa dziko pokambirana pa WhatsApp. Mu 2024 bambo wina wa ku Mponela anapezeka wolakwa nalipitsidwa chindapusa chifukwa cha kanema woseleula mtsogoleri yemweyo, amene anamutumiza m'gulu la kwawo. Mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism, namulanda foni ndi laputopu, pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata cha boma. Ukaonetsetsa, odandaula m'milandu yotere kawirikawiri ndi anthu akuluakulu. Mayi wogulitsa tomato amene wanyozedwa pa Facebook sayembekezera kuona galimoto ya polisi ikuthamangira mlandu wake. Kumbukiranso kuti kuyambira 2018 simukhadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, choncho dzina labodza pa masamba a mchezo silibisa munthu monga anyamata amaganizira.

Usamve izi ngati akukuuza kuti utseke pakamwa. Mantha a mtundu umenewo bambo ako anakhala nawo m'masiku a chipani chimodzi, ndipo sakufuna kukusiyira. Zinthu zasunthapo chifukwa anthu sanakhale chete. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Mu Novembala 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa milandu ya mawu oukira boma, ija inkamangitsa anthu m'nthawi ya Kamuzu ndi pambuyo pake. Mu Julayi 2025 bwalo lalikulu, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, linagamula kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe linkamangitsa munthu chifukwa choipitsa mbiri ya wina, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Woipitsidwa mbiri angathe kusumabe kuti alipidwe, koma chitokosi si yankho lake. Choncho lankhula. Madzi akasowa ku dera lako, mankhwala akatha m'chipatala, nena, ndipo nena ndi dzina lako. Chimene bambo ako akupempha n'chakuti uzilemba zokhazo zimene ungazibwereze utaimirira pamaso pa munthu amene ukumunenayo, uli ndi umboni m'manja. Uthenga wa mawu umene sukudziwa anaujambula ndani, usautumize kwina ngakhale ukome bwanji. Kutukwana makolo a munthu si kudzudzula, ndipo kumapatsa apolisi poyambira.

Ku ntchito nkhani imavutirapo. Kompyuta ya mu ofesi, imelo ya mu ofesi ndi intaneti ya mu ofesi ndi za abwana ako, amene pano ndi boma, ndipo iwe wa makompyuta ukudziwa kuposa wina aliyense kuti zonse zimasiya mapazi. Zakukhosi zako uzilembere pa foni yako, ndi bandulo yako, utaweruka. Ngakhale pamenepo samala amene ukumuululira za ku ntchito. Martha Chizuma, ali mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB, analankhula momasuka pa foni ndi munthu amene ankamukhulupirira. Anajambulidwa, mawuwo anafalikira mu Januwale 2022, ndipo pa 6 Disembala chaka chomwecho apolisi anamutenga kunyumba m'bandakucha kupita naye ku Namitete. Milanduyo inathetsedwa pambuyo pake, koma ngati zinatheka kwa loya waudindo wotero, kwa iwe wongoyamba kumene zingatheke mosavuta.

Adzakuuza kuti wogwira ntchito m'boma amasunga chinsinsi, ndipo ndi zoona. Malipiro a anzako, matenda awo, makalata a anthu opempha thandizo, zonsezi udzaziona pa sikirini ndipo zithere m'maso mwako. Koma kuba si chinsinsi cha boma. Cashgate ya 2013 inadutsa m'makompyuta, mu IFMIS, njira yolipirira ndalama za boma, mmene malipiro abodza ankalowetsedwa kenako n'kufufutidwa, mabiliyoni a kwacha n'kupita. Ntchito ngati yakoyi ndi imene imaona zotere poyamba. Ukadzaziona, usathamangire ku Facebook ndi dzina lobwereka, poti ukatero mlandu udzatembenukira iwe ndipo mbava idzapeza nthawi yofufuta. Sunga umboni, funsa loya, pita ku ACB kapena kwa Ombudsman.

Tsopano za mphamvu imene ili m'manja mwakoyo, pomwe pali mtima wa kalata ino. Kutseka kwina n'koyenera, ndipo bambo ako, monga mphunzitsi, sangakane. Masamba a zolaula ndi a njuga alibe malo pa kompyuta ya ofesi kapena ya sukulu. Intaneti ikamachedwa chifukwa anthu akuonera mpira nthawi ya ntchito, chepetsa. Bambo ako anaona okha mu Novembala 2020 mayeso a MSCE akuimitsidwa chifukwa likasa linali litadzaza m'mafoni, ana osalakwa n'kudikira mpaka Januwale kuti alembenso, choncho sukulu yoletsa foni nthawi ya mayeso saiimba mlandu. Malamulo otere amalembedwa, amalengezedwa, ndipo amagwira aliyense, bwana ndi mesenjala yemwe.

Kutseka kwa mtundu wina kumabwera ndi kunong'ona. Wina adzakuitana pambali nadzati tsamba la nyuzi lakuti lisamatsegukenso muno, poti lalemba za iye. Wina adzafuna umuonetse maimelo a mnzake amene akumuganizira kuti amalankhula ndi atolankhani. Zimayamba zazing'ono chonchi, koma mapeto ake tawaona kwa anansi athu. Mu Januwale 2019 boma la Zimbabwe linazimitsa intaneti anthu atakwiya ndi kukwera kwa mtengo wa mafuta, mpaka bwalo lalikulu linagamula kuti nduna imene inalamula inalibe mphamvu yotero. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa, ndipo bungwe la Chapter One Foundation linapita ku khoti kuti zitsegulidwe. Ku Mozambique, chitatha chisankho cha Okutobala 2024, intaneti ya pa foni inkadulidwa anthu ali pa zionetsero. Ovutika kwambiri pa nthawi zotere sakhala andale. Amakhala mayi wodikira ndalama pa foni, wamalonda wofuna kudziwa mitengo, kholo losadziwa ngati mwana wake wafika kunyumba. Ngakhale kwathu kuno, pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, bungwe la MACRA linaletsa mawailesi kuulutsa zochitikazo pompopompo. Nduna sidziwa pokanikiza. Kulikonse kumene izi zinachitika panali munthu wophunzira zomwe waphunzira iwezi, amene anakhala pa kompyuta n'kuchita zimene anauzidwa.

Lamulo lotere likadzakupeza, usakalipe, usanyoze bwana wako pa gulu. Pempha mwaulemu kuti akulembere pa pepala, asainepo, ndipo atchule lamulo limene akuimirapo. Ambiri amabwerera pomwepa, chifukwa chimene amafuna n'chakuti dzina lodzaoneka m'makina likhale lako. Akakakamira, kauze mkulu wa pamwamba pake, nawenso polemba, ndipo usunge kope lako kunja kwa ofesi. Malamulo a za ntchito m'dziko muno salola kuti munthu achotsedwe popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo kuli bwalo la Industrial Relations Court lomva madandaulo otere. Milandu ya kumeneko imachedwa, zimenezo bambo ako sakukubisira, ndipo pa miyezi yodikirayo iwo ndi mayi ako agwirizana kale kuti lendi ndi chakudya adzakuthandiza mmene angathere. Sabata yoyamba yomweyo upemphe kope la malamulo a ofesiyo okhudza makompyuta ndi intaneti. Ukapeza kuti palibe, udzipereke kuwalemba pamodzi ndi akuluakulu ako, kuti aliyense wa mu ofesimo adziwiretu chimene chimatsekedwa, chifukwa chake, ndi amene ali ndi mphamvu yolamula.

Bambo ako.