Njovu za pa K50 ndi njovu za ku Majete

Ife okulira ku Makata njovu tinaidziwira pa ndalama. Tembenuzani pepala la K50, mupeza njovu za ku Kasungu. Pa chizindikiro cha boma pali mkango ndi nyalugwe. Koma funsani m'kalasi mwanu kuti ndi angati anaionapo njovu ikuyenda, muwerenga manja osakwana asanu. Chikhalirecho nkhalango ya Majete ili pa Chikwawa pompa, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera mu Blantyre.

Ambiri timati zokaona nyama n'za azungu. Mawuwa ndimawamvetsa, koma amabisa vuto lenileni. Polowa pachipata Mmalawi amalipira zochepa poyerekeza ndi mlendo wakunja. Chotchinga chachikulu ndi galimoto. Minibasi ikusiyani pa Dyeratu kapena pa boma, kabaza akhoza kukufikitsani kuchipata, koma m'nkhalango muli mikango simungazungulire wapansi. Wopanda galimoto watsekeredwa kunja popanda womuthamangitsa.

Ife tinaligonjetsa vutoli ndi chipereganyu. Tinalipo asanu ndi mmodzi, tinasonkha miyezi itatu, n'kubwereka pikiapu ya achimwene a mnzathu. Matenti awiri obwereka, mbaula, makala, ufa, usipa ndi chigubu cha madzi. Potsika zitunda za ku Chikwawa makutu amatseka, ndipo pofika pa Thabwa kutentha kumakulandira ngati wakuyembekeza kalekale. Tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kukhotera ku Kapichira.

Za kugona mu tenti sindinena zambiri. Munthu woti anakula akugona pamphasa sangadabwe ndi kugona pansi, ndipo zimandiseketsa kuti ena amalipira madola kuti alawe zimenezi. Chinandidabwitsa ine ndi usiku wake. Ku Ndirande usiku sukhala chete: agalu, nyimbo za m'mabala, mapemphero a usiku wonse. Kumeneko kunali zii, kenako fisi analira chapatali, ndipo mnzathu amene anabwebweta njira yonse anafunsa monong'ona ngati zipi ya tenti tatseka bwino.

M'mawa tinaona njiri, mbawala, mvuu m'Shire, kenaka njovu zinayi zikudutsa msewu mosatilabadira. Njovu siipanga phokoso poyenda. Izi palibe buku linandiuzapo.

Njovuzi nazonso n'zobwera. Pofika mu 1992 opha nyama mozembera anali atazimaliza zonse ku Majete. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi boma mu 2003, linabweretsa zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, akadyamsonga mu 2018. Njovu zinaswana mpaka zina zinali m'gulu la njovu pafupifupi 500 zimene anasamutsira ku Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Nkhaniyi inamveka mpaka ku London chifukwa Prince Harry anadzathandiza nawo. Ku Makata sindikumbukira wina akuikamba.

Apa m'pamene pakundidetsa nkhawa. Nyama zimene anthu sanazionepo sangazimenyere nkhondo. Phiri la Ndirande linali ndi mitengo, lero ndi mbee, ndipo tonse tinaphikira makala ake. Komanso amene amakhala m'mphepete mwa mpanda, amene chimanga chawo chimadyedwa njovu zikathyola waya, ali ndi mawu awo omwe ife a m'tauni sitiwamva tikangokhala kuno. Mawa lino ndife amene tidzakhale m'maofesi oganiza za malo amenewa, ena mwa ife tisanapondemo n'komwe.

Ndikanakonda mabungwe a ophunzira, amene amapeza basi mosavuta pakakhala ulendo wa kunyanja ku Mangochi, atayesako kamodzi Majete kapena Lengwe. Ife tayambanso kusonkha, ulendo uno wa ku Liwonde, ndipo pikiapu ija ikutsala ndi malo a anthu awiri.